Barcelona: mzinda womwe udayesa kubweza misewu kwa anthu oyenda pansi

M'mwezi wa Sepitembala chaka cha 2016, anthu okhala ku Poblenou, dera lina la mzinda wa Barcelona m'dziko la Spain, adapeza misewu ya m'makomo mwawo itasintha. Pa mphambano zomwe magalimoto ankadutsapo usana ndi usiku panali patapakidwa penti, patayikidwa matayala akale ndi mitengo yodzalidwa m'miphika ikuluikulu. Woyendetsa galimoto ankaloledwa kulowa m'deralo, koma sakadathanso kulidutsa n'kukatulukira mbali inayo. Msewu unkamukhotetsa n'kumubwezera ku misewu ikuluikulu ya m'malire.

Makolo ena adakondwera poona ana awo akusewera pamalo pomwe kale sakadayerekeza kupondapo. Anthu ena adakwiya, ndipo adachita zionetsero ponena kuti khonsolo yawasokonezera maulendo popanda kuwafunsa. Mkanganowu udadzutsa funso lomwe likukhudza mizinda yonse yomwe ikukula, kuphatikizapo Lusaka, Lilongwe, Maputo ndi Harare: kodi msewu wodutsa pakhomo pa munthu mwini wake ndani, wokhala pamenepo kapena wodutsa pa galimoto?

Funsoli n'lokhudza moyo. Malinga ndi lipoti lomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa m'chaka cha 2023, anthu pafupifupi 1.19 miliyoni adafa pa ngozi za pamsewu m'chaka cha 2021, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Chigawo cha Africa chili ndi magalimoto atatu okha pa magalimoto 100 aliwonse a padziko lapansi, koma mwa anthu asanu aliwonse ofa pamsewu, pafupifupi mmodzi amafera m'chigawochi.

Momwe mdadada waukulu umagwirira ntchito

Gawo lalikulu la pakati pa Barcelona, lotchedwa Eixample, lidamangidwa motsatira pulani yomwe injiniya Ildefons Cerdà adajambula m'chaka cha 1859. Iye adalidula m'midadada yofanana ya mbali zinayi, mbali iliyonse yotalika mamita pafupifupi 113, ndipo misewu yambiri yapakati pake ndi ya mamita 20 m'lifupi. Cerdà ankafuna kuti m'kati mwa midadadayo mukhale minda ya maluwa ndi mitengo, koma m'kupita kwa zaka malo ambiri adamangidwapo nyumba. Magalimoto atachuluka, pafupifupi msewu uliwonse udasanduka njira yodutsamo, ndipo mzindawu udayamba kuvutika ndi utsi, phokoso komanso kutentha.

Katswiri wa za chilengedwe cha m'mizinda, Salvador Rueda, ndiye adatchukitsa maganizo omwe m'chilankhulo cha Chikatalani amatchedwa superilla, kutanthauza mdadada waukulu. Amatenga midadada isanu ndi inayi, itatu m'litali ndi itatu m'lifupi, n'kuiyesa dera limodzi la mamita pafupifupi 400 mbali iliyonse. Mabasi ndi magalimoto a maulendo ataliatali amayenda m'misewu ya m'malire mwa deralo. Misewu ya m'kati imatsalira anthu oyenda pansi, opalasa njinga, ndi magalimoto okhawo omwe ali ndi chifukwa cholowera: a anthu okhala momwemo, obweretsa katundu m'masitolo, otola zinyalala, ambulansi ndi ozimitsa moto. Liwiro lololedwa m'katimo ndi makilomita 10 pa ola.

Chomwe chimachepetsa magalimoto ndi kakonzedwe ka njira. Misewu ya m'kati imakhala yoyenda mbali imodzi, ndipo imakonzedwa mokhotakhota kotero kuti wolowa amatulukira kufupi ndi komwe walowera. Mwini nyumba amafikabe pakhomo pake ndi galimoto. Yemwe amataya mwayi ndi dalaivala wofuna chidule pothawa mzere wa magalimoto pa msewu waukulu, popeza chidulecho sichimufikitsanso kulikonse. Mphambano zinayi za m'kati, zomwe ndi zazikulu chifukwa Cerdà adadula ngodya za midadada yake, zimasanduka mabwalo a mipando, mitengo ndi zoseweretsa ana.

Khonsolo sidayambe ndi kutseka misewu. Kuyambira m'chaka cha 2012 idakonzanso njira za mabasi kuti aziyenda m'mizere yowongoka, ina yopingasa ina yotsika, kotero kuti munthu atha kufika mbali zambiri za mzindawu posintha basi kamodzi kokha. Ntchitoyi idatha m'chaka cha 2018. Mfundo yake inali yakuti munthu sangasiye galimoto asanapatsidwe njira ina yodalirika yofikira kuntchito.

Komwe maganizowa adachokera

Nzeruyi si ya Barcelona yokha. Mizu yake ili m'dziko la Netherlands, lomwe masiku ano limadziwika ndi njinga koma lomwe zaka za m'ma 1960 linkagumula nyumba kuti likuze misewu. M'chaka cha 1971 anthu pafupifupi 3,300 adafa pa ngozi za pamsewu m'dzikomo, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Mtolankhani wina, Vic Langenhoff, yemwe mwana wake adagundidwa ndi galimoto n'kumwalira, adalemba nkhani yomwe mutu wake udasanduka dzina la gulu la makolo, Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Makolowo ankatseka misewu ndi matebulo n'kudyera pomwepo chakudya pofuna kuti boma liwamve. Mafuta atasowa m'chaka cha 1973, boma lidaletsa magalimoto kuyenda masiku angapo a Lamulungu, ndipo anthu adadzionera okha momwe mzinda wopanda magalimoto umakhalira.

Mumzinda wa Delft mudabadwa msewu wotchedwa woonerf, womwe tinganene kuti ndi bwalo la pakhomo. Pa msewu wotere palibe malire pakati pa njira ya galimoto ndi ya anthu. Mitengo, mipando ndi malo oimikapo magalimoto zimayikidwa mosinthanitsa mbali kuti dalaivala asaone njira yowongoka yoti athamangepo, ndipo ana amaloledwa kusewera paliponse. Boma lidaika woonerf m'malamulo a pamsewu m'chaka cha 1976. Chaka chotsatira, mzinda wa Groningen udagawa pakati pake m'zigawo zinayi. Woyenda pansi, wa njinga ndi basi ankadutsa momasuka kuchoka chigawo china kupita china, koma wa galimoto ankayenera kutuluka kaye n'kuzungulira pa msewu wa kunja. M'chaka cha 2017 mzinda wa Ghent ku Belgium udachita zofanana ndi zimenezi pogawa madera ozungulira pakati pake m'zigawo zisanu ndi chimodzi.

M'zaka zaposachedwapa anthu ofa pamsewu ku Netherlands akhala osakwana 800 pachaka, ngakhale kuti anthu ndi magalimoto achuluka kwambiri kuyerekeza ndi 1971. Malamba a m'galimoto, malamulo oletsa kuyendetsa utaledzera ndi magalimoto olimba zidathandiza nawo, koma kusintha kamangidwe ka misewu ya m'makomo kudali mbali yaikulu ya ntchitoyo.

Chifukwa chake nkhani yagona pa liwiro

Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda mamita opitirira pang'ono 8 pa sekondi imodzi, pomwe yothamanga makilomita 50 imayenda mamita pafupifupi 14. Tiyerekeze kuti mwana walumphira mumsewu pothamangira mpira, ndipo dalaivala watenga sekondi imodzi asanaponde buleki. Pa msewu wouma wa phula, galimoto yoyambayo imaima itayenda mamita pafupifupi 13. Pa mtunda womwewo, dalaivala wachiwiri amakhala asanaponde n'komwe buleki, ndipo galimoto yake imakaima pa mamita pafupifupi 28. Kuonjezera apo, liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe galimoto imagunda nayo munthu imawirikiza kanayi.

N'chifukwa chake nduna za mayiko zomwe zidakumana ku Stockholm m'dziko la Sweden mu Febuluwale 2020 zidagwirizana kuti liwiro lisamapitirire makilomita 30 pa ola m'malo omwe anthu oyenda pansi ndi a njinga amasakanikirana ndi magalimoto kawirikawiri. Dziko la Spain lidakhazikitsa malire amenewa mu Meyi 2021 pa misewu ya m'mizinda yomwe ili ndi mzere umodzi wa magalimoto mbali iliyonse.

Komabe akatswiri a misewu adazindikira kalekale kuti chikwangwani pachokha sichichepetsa liwiro. Dalaivala amayendetsa molingana ndi zomwe maso ake akuona. Msewu ukakhala wotakata, wowongoka ndi wosalala, phazi limalemera pa mafuta ngakhale chikwangwani chitanena zina, ndipo wapolisi sangaime pa mphambano iliyonse. Msewu wopapatiza, wokhala ndi mahampu, malo owolokera okwezedwa ndi ngodya zothina umachititsa dalaivala kuchepetsa liwiro popanda womuuza.

Zomwe kafukufuku adapeza

M'chaka cha 2019 bungwe lofufuza za umoyo la ISGlobal la ku Barcelona lidawerengetsa zomwe zingachitike ngati midadada ikuluikulu yonse 503 ya m'pulani ya Rueda itamangidwa. Lidapeza kuti imfa 667 za anthu omwalira nthawi isanakwane zikhoza kupewedwa chaka chilichonse. Mwa imfazi, 291 zikadapewedwa chifukwa cha kuchepa kwa mpweya woipa wa nitrogen dioxide wochokera mu utsi wa magalimoto, 163 chifukwa cha kuchepa kwa phokoso, ndipo 117 chifukwa cha kutsika kwa kutentha. Zotsalazo zikadachokera ku kuchuluka kwa mitengo ndi kuyenda pansi. Ziwerengerozi zinali zoyerekezera chabe, popeza pulani yonseyo sidamangidwe, koma zidaonetsa kuti galimoto imapha anthu ambiri omwe sidawagunde.

Zoyezedwa pamalo penipeni zidachokera ku Sant Antoni, dera lozungulira msika wakale womwe udatsegulidwanso m'chaka cha 2018 utakonzedwa. Bungwe la zaumoyo la mzindawu lidapeza kuti pakati pa deralo nitrogen dioxide adatsika ndi 25 peresenti. Anthu okhala kumeneko adati phokoso lachepa, akugona bwino, ndipo okalamba akutuluka kukacheza pa mipando ya panja. Kafukufuku yemweyo adapezanso madandaulo: m'malo ena njinga ndi magalimoto obweretsa katundu zinkasokonezabe oyenda pansi, ndipo si madera onse omwe mpweya udasintha mofanana.

Nanga magalimoto amapita kuti?

Dandaulo lalikulu la otsutsa ndi lakuti kutseka misewu ya m'kati kumangokankhira magalimoto ku misewu ya m'malire, komwenso kumakhala anthu, nthawi zina osauka kuposa a m'katimo. Dandauloli lili ndi maziko, ndipo mkangano wake udakula kwambiri ku London, komwe makhonsolo adatseka mwachangu misewu yambiri ya m'makomo m'chaka cha 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19.

Kafukufuku wa ku University of Westminster yemwe adatuluka m'chaka cha 2023 adaunika madera 46 otere a ku London. Adapeza kuti m'misewu ya m'kati magalimoto adachepa ndi pafupifupi theka, pomwe pa misewu ya m'malire, tikaiphatikiza yonse, kusintha kudali kochepa kwambiri. M'misewu ina ya m'malire magalimoto adachuluka ndithu, m'ina adachepa. Izi zikugwirizana ndi zomwe ofufuza a ku Britain, Sally Cairns, Phil Goodwin ndi anzawo, adapeza m'mbuyomo ataunika malo oposa 70 m'mayiko 11: msewu ukachepetsedwa, gawo lina la magalimoto limangozimiririka. Anthu amaphatikiza maulendo awiri kukhala umodzi, amakwera basi, amagula zinthu pafupi, kapena amayenda pansi pa ulendo waufupi womwe kale ankayatsira galimoto.

Phunziro lake ndi lakuti khonsolo iyenera kuwerenga magalimoto ndi kuyeza mpweya pa misewu ya m'malire ntchito isanayambe komanso itatha, ndi kukonza msanga pomwe zinthu zaipa. Pali nkhawa inanso: dera likakhala labata ndi la mitengo, lendi imakwera, ndipo mabanja omwe ntchitoyo inkafuna kuwathandiza amatha kusamuka. Ku Barcelona, komwe nyumba n'zodula kale chifukwa cha alendo odzaona malo, nkhawayi idamveka kwambiri.

Ndale ndi makhothi

Ntchito ya ku Poblenou idachitika Ada Colau ali meya wa mzindawu, udindo womwe adautenga m'chaka cha 2015. Anthu atadandaula, khonsolo idasintha zina mwa njira za magalimoto, ndipo m'malo mwa matayala ndi penti idamanga zinthu zokhalitsa monga malo osewerera ana ndi matebulo a panja. Ku Sant Antoni idachita misonkhano yambiri ndi anthu okhala m'deralo komanso amalonda isanagwire ntchito, ndipo otsutsa adali ochepa.

M'chaka cha 2020 khonsolo idasintha kachitidwe. M'malo momanga midadada ikuluikulu umodziumodzi, idalengeza kuti misewu 21 ya ku Eixample isanduka njira za mitengo zomwe woyenda pansi ndiye amatsogola, ndipo mphambano 21 zisanduka mabwalo. Misewu inayi yoyamba, kuphatikizapo wa Consell de Cent, idatha m'chaka cha 2023. Chaka chomwecho Colau adagonja pa chisankho, ndipo mu Juni Jaume Collboni adalowa m'malo mwake. Utsogoleri watsopanowu sudapitirize misewu yotsalayo monga momwe pulani idanenera. Mu Sepitembala 2023 khothi lina lidagamula mokomera gulu la amalonda la Barcelona Oberta, ponena kuti khonsolo sidatsate ndondomeko yoyenera yosinthira mapulani a mzinda pokonza Consell de Cent, ndipo khonsolo idachita apilo.

Choncho Barcelona sidafike pa midadada 503 yomwe Rueda ankalota. Zomwe zidamangidwa ndi gawo laling'ono chabe, ndipo nkhani yake ikusonyeza kuti ntchito yotere ikamangiriridwa pa chipani chimodzi, kapena ikathamangitsidwa mosasamala malamulo, imatha kuima pa chisankho chotsatira.

Zomwe mizinda ya kuno ingatolepo

Vuto la mizinda ya kummwera ndi pakati pa Africa n'losiyana ndi la ku Ulaya. Kumeneko akuyesetsa kutsitsa anthu m'magalimoto. Kuno anthu ambiri ndi oyenda pansi kale. Lipoti la m'chaka cha 2022 la mabungwe a UNEP, UN-Habitat ndi Walk21 lidati anthu oposa biliyoni imodzi mu Africa amayenda pansi kapena kupalasa njinga tsiku lililonse, ndipo amatha mphindi pafupifupi 56 patsiku pa maulendo otere. Ambiri mwa iwo amayenda m'mphepete mwa phula, pakati pa ngalande ndi maminibasi, akupikisana malo ndi akabaza ndi ogulitsa malonda. Chofunika kuno ndi kuteteza anthu amenewa, kuti kuyenda pansi kusakhale chilango cha umphawi chomwe aliyense amachithawa akangopeza ndalama zogulira galimoto.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pomwe msewu wafumbi wa m'lokeshoni ukuthiridwa phula. Anthu amasangalala, ndipo n'zomveka, chifukwa fumbi ndi matope zimatha. Koma maenje omwe ankachedwetsa magalimoto amathanso, ndipo msewu womwe ana ankawoloka popita kusukulu umasanduka chidule cha madalaivala othawa mzere wa pa msewu waukulu. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ngati pulani ya msewuwo ilibe njira ya oyenda pansi, mahampu ndi malo owolokera, kudzaziwonjezera pambuyo kumadya ndalama zambiri, ndipo kawirikawiri kumachitika munthu atafa kale.

Zitsanzo za kuno zilipo. Ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, bungwe la Amend lidayambitsa ntchito yotchedwa SARSAI, yomwe imafufuza sukulu zomwe ana ake amagundidwa kwambiri n'kumanga pafupi nazo mahampu, tinjira ta oyenda pansi, zipilala zotchinga magalimoto ndi malo owolokera, ndipo nthawi zina imasuntha chipata cha sukulu kuti chisayang'ane msewu waukulu. Kafukufuku adapeza kuti ana ovulala pamsewu adachepa ndi 26 peresenti m'sukulu zomwe ntchitoyi idafikako. M'chaka cha 2019 idalandira mphoto ya Ross Prize for Cities, ndipo yafikanso m'mizinda ina monga Lusaka ndi Maputo. Chaka chomwecho mzinda wa Nairobi udakonzanso msewu wa Luthuli Avenue kuti magalimoto aziyenda mbali imodzi, n'kukulitsa malo a oyenda pansi ndi kuika njira ya njinga. Ku Kigali, kuyambira m'chaka cha 2016, misewu ina imatsekedwa masiku ena a Lamulungu kuti anthu ayende ndi kupalasa njinga.

Midadada ya Cerdà singakopedwe ku Ndirande, ku Matero kapena ku Mbare, komwe misewu sidadulidwe mofanana ndipo ambiri amadalira minibasi ndi kabaza. Chomwe chingatengedwe ndi mfundo yake: khonsolo isankhe misewu yochepa yonyamula magalimoto odutsa, ndipo ina yonse ikhale ya anthu okhala momwemo. Kuyesa kwake sikufuna ndalama zambiri, popeza ku Poblenou adayamba ndi penti ndi matayala. Koma zolakwa za ku Poblenou zikuphunzitsanso kuti mafumu a m'madera, makomiti a sukulu, amalonda a m'mbali mwa msewu, madalaivala a minibasi ndi akabaza ayenera kufunsidwa ntchito isanayambe. Ogulitsa tomato akapanda kupatsidwa malo m'pulani, amakhala pa kanjira ka oyenda pansi, ndipo oyenda pansiwo amabwerera pa phula.

Mu 2020 mayiko a m'bungwe la United Nations adalonjeza kuchepetsa ndi theka imfa ndi kuvulala kwa pamsewu pofika chaka cha 2030. Ku Africa, malinga ndi WHO, imfazi zidakwera ndi 17 peresenti pakati pa 2010 ndi 2021. Misewu yambiri ya m'malokeshoni a m'chigawo chino idakali yafumbi, ndipo mapulani ake akujambulidwa tsopano m'maofesi a makhonsolo ndi a mabungwe oyang'anira misewu. Pa mapepala amenewo ndi pomwe padzadziwike ngati mwana wa sukulu adzakhala ndi poyenda phula likadzafika.